Bulangete la Esinati

Ndaziona wanditumizira chithunzi pa lamya
magetsi atangozima kuno ku Chilomoni.
Akuti: Malume, onani odwala nthenda yanu.

Kalata ili m'galasi, m'nyumba yozizira ku Amereka,
yolembedwa ndi nthenga ya tsekwe
ndi mmodzi wa akuluakulu amene anazika nsanamira za dziko lawolo.
Mlonda uku, mlonda uko,
nyali yosankhidwa kuti isawaule pepala.
Mtengo wake, akuti, ungagule nyumba zitatu ku Namiwawa
n'kutsalako ya minibasi.

Ndakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.
Mkuluyo akudandaula za bondo,
za mbewu zimene zachedwa padoko,
za hatchi yake yotsimphina.
Kumunsi dzina lapotanapotana
ngati chingwe cha mbuzi yozungulira chikhomo.
Ndaseka ndekha mumdima.

Anga ali pansi pa bedi,
m'sutikesi yamalata yothyoka loko.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinasankha makalata pa positi ofesi ya ku Limbe
mpaka zala zinayamba kuzindikira uthenga wa maliro
envelopu isanang'ambidwe.
Ine ndinapuma ntchito. Zalazi zinakana.

Yoyamba ndinaipeza pa Wenela
itakulunga mtedza wokazinga,
mchere utadya theka la moni:
"...kondedwa Esinati, bulangete ndapatsira Jailosi,
ukamufunse, asakane."
Kumgodi, 1958.
Mnyamata wa mtedza ndinamulipira mapaketi khumi
kuti andipatse mulu wonse wa mapepala.
Anawerenga ndalamazo kawiri, akundiyang'ana kumapazi
ngati ndavala nsapato zosiyana.

Lero alipo mazana anayi ndi asanu ndi awiri.
Ya msilikali, ya pensulo,
yofunsa ngati ng'ombe yamawanga inaswa.
Ya kalaliki wa kwa Mandala wopempha tchuthi
m'Chingerezi chomanga tayi.
Ya mtsikana wa sukulu ya mishoni,
tsamba lonse loyera mbee, pakati liwu limodzi:
Ayi.
Anasindikiza cholembera mpaka pepala linabooka.
Ndimaiyika payokha imeneyo,
imatenthabe.

Alonda anga ndi timibulu ta mankhwala a njenjete
ndi mapepala apulasitiki a shuga.
Adani ndi chiswe,
chinyezi cha chiperoni cholowera pansi pa chitseko,
ndi Felesiya m'mawa wamvula
akamasaka choyatsira mbaula.
Amati: Bambo, anthuwa anafa kale,
mukusungiranji miseche yawo?
Ndilibe yankho lokwana m'kamwa.
Ndimangomuonetsa pamene inki inatha pakati pa mawu,
munthu n'kuviika, n'kupitiriza.
Taona, apa anapuma. Apa anali moyo.

Mkulu wa m'galasi uja, akuti, anasaina zikalata zobala dziko.
Mwamuna wa Esinati sanasaine kanthu
koma chala chodinda pa pepala la ulendo,
ndipo kalatayi mwina anamulembera mnzake wa m'komponi
pomulipira ndudu ziwiri.
Komabe onse anapinda pepala patatu,
onse ananyambita chala,
onse anapereka mawu awo kwa munthu wa pamsewu
n'kuyamba kudikira.

Palibe adzabwere ndi nyundo kudzaitanira mtengo
pa sutikesi yanga.
Ndikadzapita, mwina adzakulungira tomato ku Ndirande.
Zilibe kanthu. Mwina wogulayo adzawerenga.

Chimene chimandidzutsa usiku n'china.
Ndafunsa kumatchalitchi, ndafunsa okalamba a ku Bangwe,
ndafunsa ngakhale pamaliro a anthu osawadziwa:
kodi Jailosi anapereka bulangete lija?

Magetsi abwera. Filiji yayamba kung'ung'udza.
Ndamulembera Ndaziona ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono:
Mphwanga, ukapitakonso mawa
ukawafunse alondawo
ngati hatchi ija inachira.