Bokosi Logawa Mphamvu

Dontho limodzi usiku uliwonse,
mpaka pansi pa mtengo wa mbawa
dothi lada ngati chiwindi.
Landirova ya malemu bambo ikukha,
ndipo mitambo yayamba kale kuunjikana
kuseri kwa mapiri a Mchinji.

Ndayala thumba la feteleza, ndalowa chagada.
Kunsi kuno kuli dziko lakelake:
matope a zaka makumi anayi ouma gwa,
chisa cha mavu pa chesisi,
waya amene bambo anamangira ekizozi
chaka chomwe ndinalephera mayeso,
amvekere, "N'ngwa lero lokha."

Bawuti yotulutsira oyilo yakana.
Ndaiwaza palafini, ndainyengerera,
ndalumikiza paipi ku sipanala,
kenako khwee! nkhonya n'kukamenya chitsulo,
khungu n'kutsala komweko.
Oyilo akutsikira m'chigubu chodula pakati,
wolemera, wonunkha dzira lovunda,
wosakwana ndi makapu awiri omwe.
Ndapisa chala: tizitsulo tonyezimira
ngati mchenga wa m'Bua dzuwa lili paliwombo.
Mano akhala akudyana mwakachetechete.

Bokosi ili satsitsa munthu mmodzi.
Ndatuma mwana kukaitana Yelemiya,
mwana wa bambo wa kunyumba inayo, ya kwa Kamwendo,
amene sitinalankhulane chiikireni maliro,
tsiku lomwe makiyi anatsala m'manja mwanga
iye n'kutsala ndi chigafa chodontha.

Wabwera osapereka moni.
Wavula malaya, walowera mbali inayo.
Shafiti yakutsogolo yake, yakumbuyo yanga,
manati anayi uku, anayi uko,
tikuwaponya m'chitini chimodzi.
"Gwira."
"Ndagwira."
"Tsitsa."
Chitsulo chatera pazifuwa zathu tonse awiri,
tapuma mpweya umodzi wa girizi.

Tachitsegulira pa chitseko chakale.
Silu yauma ngati chikopa cha ng'oma yoiwalika,
yalumika mbali imodzi,
ndipo shafiti yadyeka kamzere
kokola chikhadabo.
Yatsopano ndinakagula ku Chipata
ndi ndalama ya matumba awiri a soya.
Gasiketi palibe amene amagulitsa.
Yelemiya wang'amba katoni ya nsapato,
waigoneka pa chitsulo, akugogoda m'mphepete
ndi kahamala, go, go, go,
mabowo akutuluka okha.
Ndayang'ana kumbali.
Kagogodedwe kameneko n'ka bambo,
ndi lilime lomwe lili pakona pa mlomo.
Ndinkayesa anaphunzitsa ine ndekha.

Tatsuka magiya m'palafini ndi mswachi wakutha.
Muno mphamvu imalowa imodzi n'kutuluka pawiri,
ina kumbuyo, ina kutsogolo.
"Pamsewu wouma akutsogolo amangokankhidwa,"
watero Yelemiya osadzutsa mutu,
"amakumbukiridwa galimoto ikatitimira."
Sindinayankhe.
Ndapaka oyilo pamlomo pa silu,
ndaikhomera ndi kachipika pang'onopang'ono,
mozungulira, kuti isapendame.

Mabawuti tamanga modumphitsa,
uku limodzi, uko limodzi, osati mwaukali.
Chitsulo chokalamba ukachifinya kwambiri
mazinga amatha,
ndiye palibenso chogwira chinzake.

Oyilo watsopano tathira ndi botolo ndi kapaipi
mpaka wasefukira pabowo
n'kuyenderera mpaka m'khwapa mwanga.
Yelemiya waseka, kamodzi kokha, ngati chifuwa.
Injini yatsokomola kawiri, yavomera.
Wadina kandodo kachikasu, kenako wakoka kofiira,
matayala onse anayi apalasa dothi limodzi,
nkhuku zabalalika.

Madzulo tayala nyuzipepala pansi pake,
miyala inayi m'makona.
"Ndibwera m'mawa kudzaona," watero,
akupukuta manja ndi utuchi,
njinga yake ili kale panjira.

Usiku mphepo ikununkha mvula.
Chilonda cha pachala chikugunda.
Ndagona ndikumvetsera panja,
osadziwa chomwe ndikupempha:
pepala louma,
kapena kadontho kamodzi kokha
koti timasulenso.