Mawu Oduka Mchira

Ku Mbare, kuseri kwa Mupedzanhamo,
makina anga ndi a Mujinga ankayang'anizana.
Iye wa ku Lubumbashi, ine wa ku Ntcheu,
pakati pathu Chishona chobwereka,
chothina m'khwapa ngati jekete la pakaunjika.

M'mamawa chinkatikwana ndithu.
Liwu lililonse linkafika ndi mchira wake.

Koma magetsi akangoti zii,
jenereta ya Baba Mhofu kuyamba kutsokomola,
oyitanira makombi kung'amba kukhosi,
mlaliki kukuwa m'chimkuzamawu chosasa,
wowotcherera mageti naye osatsala,
basi mawu a Mujinga ankafika ali zigamba.

Eni chinenero sadandaula.
Akatola theka la liwu
theka linalo ali nalo kale m'thumba,
adalisunga akadali kumsana.
Ife tilibe chosokererapo.

Iye akati kutengesa, ine ndimve kutenga,
ndipo khutu langa likatopa limathawira kwathu
kumene kutenga n'kunyamula osalipira.
Ndinamupatsa zipi zisanu ndi nkhope yotupa,
iye akudabwa chomwe walakwa.

Ndinaphunzira kuwerenga milomo yake,
koma telala amaluma mapini.

Tsiku lina jenereta inafa mwadzidzidzi
ine ndili pakati pokuwa.
Chishona changa chinatsala chokha m'mwamba,
chambulanda,
mzere wonse kufa nacho chikhakhali.
Kuyambira pomwepo ndinasankha liwu limodzi:
ehe.
Ehe ndi mutu, ehe ndi mano.
Silithyoka singano limenelo.

Lachinayi lija anayankhula nthawi yaitali.
Anachotsa mapini pakamwa,
anaimitsa ngakhale phazi.
Ndinatolapo mwana, ndinatolapo bhazi,
ndi kena kake koyamba ndi mangwana.
Kaya anati mawa,
kaya ndi moni wam'mawa wodulidwa ndi lole,
ndinati ehe.
Anandiyang'ana kanthawi.
Ndinatinso ehe, ndikumwetulira.

Lero magetsi alipo.
Jenereta yafundidwa saka,
mlaliki wasamukira ku Copacabana,
ndikumva ngakhale ulusi ukudutsa m'nsalu.
Pa tebulo lake pali mnyamata wokonza mafoni
amene Chishona chake n'chosalala ngati galasi.

M'kabati anandisiyira sizasi yake yabwino ija
ndi choko chatheka.

Usiku ku Matapi ndimayala zigamba zitatuzo pabedi,
mwana, bhazi, mangwana,
ndizitembenuze uku, ndizitembenuze uko.
Zaka makumi awiri ndikusoka,
koma sizikutuluka malaya.