Botolo Nambala 47

Pamsika wa ku Huanta ndimagulitsa yakoni,
mizu yonga mbatata, koma ukailuma yaiwisi
madzi ozizira amati thoo m'kamwa.
Zaka zisanu ndi chimodzi pa benchi lomweli
osadyako katundu wanga.
Wamalonda sadya mpamba.
M'mawa buledi ndi tiyi,
masana mpunga, madzulo mpunga wotsala.

Lachiwiri lina kunabwera Marleni wa kuchipatala
ndi kabokosi ka ayezi, timabotolo, ndi kope.
Wilder anali pabere, wa miyezi itatu,
kadzanja kake katagwira tsitsi langa ngati chingwe cha belu.
Anati, tipatseniko mkaka pang'ono, mayi Benigna,
tikawerenge alendo okhalamo.

Ndinakwiya.
Alendo ati? Ndimasamba kawiri ndi madzi a m'phiri
ozizira mpaka mano kuwawa,
ndimawiritsa matewera, ndimachapa nsalu yoberekera.
Inu nomwe munatiuza kuti majeremusi ndi adani,
lero mukuti ali mu mkaka wanga?

Sanaseke. Anakhala pa thumba la mbatatesi
nati: alipo obwera ndi nkhondo, alipo obwera ndi khasu.
Akhasuwo amatsika ndi mkaka,
amakalima m'matumbo a mwana, munda wosagwapo mbewu,
amadzaza malo kuti oipa asapeze pogona.
Ndipo nawonso amamva njala.
Anatchula dzina lalitali, puribayotiki,
lilime langa linapunthwa katatu.
Kenaka analoza mulu umene unali patsogolo panga:
anyezi, adyo, nyemba, balere, ndi yakoni wanuyo.
Zimene mimba yanu siitha kugaya
iwo ndiye phwando.

Ndiye kuti chaka ndi chaka
ndakhala ndikugulitsa chakudya cha alendo anga
kwa akazi a ku Lima obwera pa basi ya usiku.

Ndinakama kuseri kwa matumba, manyazi ali m'khosi.
Madontho anagwa osafulumira, oyera mopita ku buluu.
Analemba 47 pa chivindikiro. Dzina langa ayi.

Masabata asanu ndi limodzi ndinalemba m'kope
chilichonse cholowa m'kamwa.
Lolemba: nyemba, theka la yakoni.
Lachitatu: msuzi wa balere, mimba kulira usiku wonse,
Teodosio kutembenukira kukhoma akung'ung'udza.
Lachisanu: mpunga basi, malonda sanayende.
Limenelo ndinafuna kunama. Sindinaname.
Loweruka ndinadya yakoni wamkulu kuposa onse,
amene akanagula sopo,
ndinamudya nditaimirira, anzanga akundiyang'ana.

Atabweranso anandionetsa pepala la mizere yamitundu,
wofiira wafupika, wobiriwira watalikako pang'ono.
Ndinafunsa, ndiye mwana wanga sadzadwala?
Anati, zimenezo sindingalonjeze.
Njira yochoka pa mbale yanu kukafika kubere
sitinaidziwe yonse. Amayi ena mzere sunasunthe.
Tikufunsabe.
Ndinamukonda chifukwa cha yankho limenelo.

Tsopano usiku, mphepo ikamatsika m'mapiri
n'kumagwedeza malata,
Wilder amayamwa, kukhosi kukuti kwiti, kwiti,
ine n'kumawerenga gulu losaonekalo
likuwoloka kuchoka mwa ine kupita mwa iye,
opanda chikwama, opanda dzina,
atanyamula kamba wa zimene ndinadya masana.
Kupatsa n'kuika, amatero.
Ine ndaika mwa mwana anthu oti sindidzawaona nkhope.

Mawa ndi tsiku la msika waukulu.
Ndasankha kale mizu iwiri yokhota,
imene ogula amaikankhira pambali,
ndaibisa pansi pa benchi, m'chipewa changa chakale.
Wina akafunsa mtengo ndidzati yagulidwa.