Mzere Wofiira

Kabokosi kaja kabweranso usiku uno
pakona ya sikirini, kaulemu ngati wodzatenga ngongole:
dongosolo latsopano lakonzeka,
tiyambe tsopano kapena mawa?
Batani lonena kuti ayi sanaikepo.
Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudina mawa.

Laputopu iyi ndinaigula yakale kale
kwa a Qureshi, pa Dudley Road muno mu Wolverhampton,
chaka chomwe ndinafika ndi jekete yopyapyala.
Imadzuka mochedwa. Ndikaiyatsa
ndimatereka ketulo, ndimavula nsapato za kuntchito,
tiyi akapsa ndi pomwe iyo yatsegula maso.
Imapuma mwawefuwefu
ngati a Whitlock a m'chipinda chachisanu ndi chinayi,
amene ndimawatembenuza kawiri usiku uliwonse
ndipo sanandilakwirepo kanthu.

Ndaziona, mwana wanga wobadwira kuno,
akuti Adadi, eni ake asiya kuikonza imeneyi,
mukugona m'nyumba yopanda loko,
tsiku lina mudzapeza kubanki kuli mbee.
Sakunama. Ndaziona sanama pa za makina.
A Qureshi anaigogoda pamsana ndi chala
nati: katunduyu isenza, koma motsimphina,
mwina mungogula ina, mapaundi mazana anayi.
Ndinawasandutsa makwacha chamumtima
ndipo ndinaona fizi ya mwana wa mlongo wanga ku Balaka
itaima pakhomo, ikundiyang'ana.

Chimene sindinawauze onsewo ndi ichi.
Makinawa ndinawaphunzitsa kuyankhula.
Poyamba ankalemba mzere wofiira
pansi pa liwu lililonse langa,
ngati mphunzitsi wamkwiyo,
ngakhale pansi pa dzina langa, Kachingwe.
Ndinkawawonjezera limodzilimodzi.
Malume. Chitupa. Malata. Ndatumiza.
Chaka cha matenda a mayi anaphunzira
chipatala, magazi, musadandaule,
kenako sabata imodzi yokha
anaphunzira bokosi, manda, sindikwanitsa kubwera.
Pa zaka zisanu ndi zinayi mzere uja unatha.
Mu mzinda wonse uno
ndani wina amandimva osati ndibwereze?

Komabe Lachiwiri ndinadina tsopano.
Musandifunse chifukwa. Kunkagwa mvula,
Ndaziona anali atasamutsira zithunzi zonse
m'kachitsulo kochepa ngati chala cha khanda.
Kabwalo kanayamba kuzungulira.
Musazimitse kompyuta yanu.
Kudikira ndimakudziwa, ndinadikirapo mapepala
zaka zitatu, popanda wondiuza maperesenti.
Kanaima pa 37 mpaka basi yomaliza inadutsa.
Ndinagona pampando.

M'mawa inandilonjera ngati mlendo,
yowala, yosamba, zonse zitasunthidwa
monga m'nyumba yolowa mkazi watsopano.
Pulinta yanga yakale sakuidziwa.
Wotchi yasamukira kwina.
Mafayilo alipo onse, ndawawerenga kawiri.
Loko alipo, akutero Ndaziona,
ngakhale ine sindikumuona.

Ndinatsegula tsamba loyera
kuti ndilembere mlongo wanga za fizi ija.
Ndinalemba: Wokondedwa Nachisale.
Mizere iwiri yofiira.

A Qureshi akuti mawu aja akanatha kusamuka nawo,
anali m'kafayilo kena kobisika
kamene palibe anandiuza.
Mwina akadalimo. Abwere nayo Loweruka, tione.

Ndiye mukandifunsa ngati ndapindula,
imadzuka msanga, zimenezo ndi zoona,
ketulo isanayambe n'kung'ung'udza komwe.
Ndimaima pakati pa khitchini, nsapato zili kuphazi,
ndi mphindi zinayi zimene sindinapemphe.
Dzulo ndinazigwiritsa ntchito
kuiphunzitsa liwu loyamba.
Ndinaganiza zoyamba ndi dzina langa,
koma chala chinapita pa pepani,
poti ndi limene ndimalemba kawirikawiri.