Timphira Tiwiri

Pakhoma la sitolo ya a Verna Tackett, ku West Plains,
tapachikidwa m'mizere, m'timapepala tonyezimira,
tizipangizo toitanira nkhukundembo zakutchire:
kachitsulo kopindika ngati chiboda cha hatchi,
kamphira kopyapyala kokungidwa pakati,
tepi wobiriwira m'mbali. Basi.
Madola asanu ndi anayi.

Ine dzanja linathamangira kodulako,
ka timphira tinayi tocheka ngati phiko la mleme,
kojambulidwa tambala wandevu zokhudza pansi.
A Verna anangondilanda, osapepesa n'komwe.
"Unayamba waikapo kanthu aka m'kamwa?"
Ndinati ayi.
"Ndiye ukufuna liwiro usanakwawe.
Tenga ka timphira tiwiri, tosacheka.
Sikalira mpweya wambiri, sikachitira mlendo mwano.
Tayasamula ndione."

Zaka makumi asanu ndi ziwiri, dalaivala wa basi ya sukulu,
ndinayasamula pakati pa sitolo
ngati mwana kwa dokotala wa mano.
"M'kamwa mwako n'mopapatiza. Tenga kakang'ono.
Tepi akakusautsa, um'dule ndi sizasi pang'onopang'ono,
poti wodulidwa sameranso."

Tsiku loyamba kanandichititsa nseru.
Lachiwiri kanandigirigisha lilime mpaka misozi.
Lachitatu kanatulutsa mawu,
koma a chitseko chosowa mafuta.
Galu analowa kunsi kwa bedi.
Nadine, mkazi wanga, anati m'nyumba muno ayi.

Ndiye ndinkaphunzirira m'basi,
ana onse atatsika, mipando ili mbee,
kanthu kaja nditakamatiza kumwamba kwa m'kamwa,
lilime likukankha mopepuka,
mpweya ukuchokera m'mimba, osati m'masaya,
nsagwada n'kugwa: kyoo, kyok, kyok.
Tsiku lina ndinaiwala kuyendera mipando.
Kamnyamata ka kwa a Sizemore kanadzuka kumbuyo,
tulo tili m'maso,
nkuti, "Bambo Ketchum, basi yawonongeka?"

Epulo anafika ndi maluwa oyera m'nkhalango za Ozark.
Folo koloko m'mawa, msana pa mtengo wa thundu,
mame atalowa m'thalauza, mfuti pabondo,
nkhupakupa ikukwera mwendo ine osaikanda.
Kadzidzi analira.
Tsidya la chigwa tambala anamuyankha,
gulugulugulu, ngati miyala ikukhuthulidwa m'mgolo.
M'kamwa munauma gwaa.
Ndinameza mate omwe panalibe,
ndinaitana katatu, motsitsa, monga a Verna ananenera,
kenaka zii.

Anayankha.
Ine, Ketchum, amene galu amandithawa,
anandiyankha mawu asanathe n'komwe.

Kumanzere masamba anachita tswatswa.
Linali thadzi lenileni, lowonda, lathope m'miyendo,
likupalasa pansi, osasamala za munthu.
Linatsegula mlomo, ndipo ndikulumbira,
mawu ake anali oipa kuposa anga:
osasa, othyoka pakati, opanda muyeso,
oti a Verna akanalilanda kachipangizo.
Tambala sanafunsenso kawiri.
Ndinangoona mchira wake uli tambalale kuseri kwa chitsa,
mutu woyera, ndevu zikugwedezeka,
kutali koti chipolopolo n'kungotaya,
akulondola thadzi lija mpaka kutsetsereka phiri.

Ndinakhala pomwepo mpaka mwendo kuchita dzanzi.
Ndinkaseka ndekha, kanthu kaja kali m'tsaya ngati switi.

Lolemba ndinabwerera kusitolo.
Ka timphira tinayi kadali pakhoma, kakundiyang'ana.
Ndinagula kena ka tiwiri,
poti kakale ndinakaiwala m'galimoto padzuwa
timphira n'kumatana.
"Uzikatsuka," anatero a Verna, akuwerenga chenje,
"ulowetse kachitsotso pakati, ukasunge mufiriji."

Panopa kamakhala m'kabokosi pafupi ndi batala.
Nadine amakasunthira kumbuyo kwa botolo la mkaka,
ine ndimakabweza kutsogolo.
Za zimenezi sitinakambiranepo.