Mano a Kumbuyo

Ndaigoneka chagada njinga ya a Daka,
miyendo m'mwamba ngati mphemvu,
pansi pa mango kuno ku Kalingalinga.
Akuti ikulira,
akuti ikudumpha magiya pokwera ku Ibex.

Parafini m'kachitini.
Mswachi wotha wa mwana wanga Tiwonenji,
uja unkatsuka mano a mkaka,
lero ukutsuka mano achitsulo.

Ndang'amba malaya akale,
kansanza ndakalowetsa pakati pa magiya,
koka uku, koka uko,
ndipo Lusaka yense akutuluka:
matope a ku Kanyama a dzinja latha,
fumbi la makala a ku Chongwe,
tsitsi la wigi lokulungika katatu.
La ndani ili, a Daka?
Akuseka, akuyang'ana kumsewu.

Kagiya kakang'ono ndiko kadyeka kwambiri,
mano ake asongoka ngati minga.
Sindinena kanthu. Ndalama yogulira kena alibe.

Tsopano oyilo,
dontho limodzi pa mfundo iliyonse ya tcheni.
"Thira wambiri, m'bale!"
Iyayi.
Oyilo wochuluka amaitana mchenga
monga malipiro aitanira abale pakutha pa mwezi.
Wotsala ndikupukuta.

Ndazunguza pedulo ndi dzanja.
Tcheni chikukwera, chikutsika,
sichikutukwananso, chikungonong'ona.

Andipatsa makwacha khumi, ina akuti Lachisanu.
Zakuda za m'zikhadabozi ndipita nazo kunyumba,
sopo adazilephera kalekale.
Koma mswachi ndiubisa m'thumba la zipangizo,
Tiwonenji angauzindikire.