Mano Atatu

Loweruka m'mawa, kuseri kwa nyumba ya lendi ku Chilinde,
ndinayala katoni pansi.
Sipanala yobwereka, jeke wa aneba,
lamba watsopano wa ku Malangalanga akadali m'pepala lake.
Ndinati ndalama ya makaniko ikhale fizi ya Mwatitha,
manja awa sanalengedwere cholembera chokha.

Ndinadontheza kyutekisi ya mkazi wanga pa magiya,
kadontho kofiira apa, kena apo.
Lamba wakale anali atang'aluka ngati chidendene cha mu Okutobala.
Ndinamuvula, ndinaveka watsopano, ndinamanga,
dzuwa lisanapendeke ndinali nditasamba kale m'manja,
ndikuimba likhweru.

Kenaka kiyi.
Injini inatsokomola kamodzi,
mkatimo munamveka kho! kho!
ngati wina wagogoda pageti n'kuthawa.
Basi, zii.
Ndinapotozanso. Sitata inangozungulira mopepuka,
njinga yoduka tcheni pamtsetse.

Lolemba tinaikoka pachingwe mpaka ku Biwi,
ine nditagwira chiwongolero cha galimoto yosalira,
akabaza akutipitirira, wina mpaka kundibayibitsa.

A Gwaza sanandifunse kanthu.
Anapendeketsa mutu, nati, “Tapotozani.”
Ndinapotoza.
“Basi. Mwaimva? Ilibe mpweya m'chifuwa.”
Anazula mapulagi onse anayi n'kuwandandalika pachiguduli,
geji m'bowo loyamba:
singano inadzuka pang'ono n'kugonanso.
Lachiwiri, sinagwedezeke n'komwe.
Lachitatu chimodzimodzi.
Lachinayi lokha ndilo linayesetsa, kundichotsa manyazi.
Anathiramo oilo wodzadza kachitsekero ka botolo, nayesanso.
“Akanakhala maring'i bwenzi yakwera.
Nthenda ili pamwamba.”

Anazunguliza injini ndi dzanja, pang'onopang'ono,
mpaka chizindikiro cha kufakitale chinafika pamalo pake,
chija chinabisika ndi girizi, chomwe ine sindinachifune n'komwe.
Madontho anga ofiira anali poteropo, akuyang'ana kwina.
Chala chawo chakuda chinayenda pagiya:
“Limodzi. Awiri. Atatu.
Mano atatu, achimwene.
Munaizunguliza kawiri ndi dzanja musanailize?”
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Lachitatu hedi inali chagada patebulo.
Ledisoni, mnyamata wawo, anathira palafini m'mabowo
ndipo anadutsa mavavu ngati mvula padenga la malata akale,
dontho, dontho, mpaka pansi.
Anasolola vavu imodzi, naigubuduza pagalasi losweka la pawindo.
Inayenda ikugwedeza mutu
ngati munthu wochokera ku Bwandilo mbandakucha.
Inzake isanu inavinanso gule yemweyo.

Pamwamba pa mapisitoni panali tizipsera,
ngati pamene chikhadabo chadinda pasopo.
“Apa m'pamene zinakumana,” anatero a Gwaza.
“Izi zimakhala ngati alendi a bafa limodzi:
wina akamalowa, mnzake akhale atatuluka.
Wosunga nthawi ndi lambayu.
Inu munawatsegulira chitseko onse pakamodzi.”
Anapapasa zipserazo nthawi yaitali, maso ali kumwamba.
“Mapisitoni apulumuka. Kathokozeni kwanu.”

Mtengo analemba ndi makala pachidutswa cha katoni:
mavavu, gasiketi, kupala hedi, ntchito ya manja.
Ndinawerenga kawiri.
Fizi ya matemu awiri, ndi yunifomu pamwamba.
Lamba uja analibe mlandu,
anati tidzamuvekanso yemweyo.

Ndinakwera minibasi, vavu imodzi ili m'thumba la malaya
ikundibaya pachifuwa paliponse pamene pali bampu.
Kunyumba mkazi wanga sanafunse za galimoto.
Anangoti, “Kyutekisi yanga ija munaisiya kuti?”

Madzulo Mwatitha anaipeza vavuyo patebulo.
Anaiimika pasimenti n'kuipotoza ngati nguli.
Inazungulira kawiri, n'kugwa cham'mbali.
Anayesanso. Inagwanso.
“Adadi, iyi njopindika.”
Ndinati eya, mwanangu.
“Anaipinda ndani?”

Panja, pamene pamagona galimoto,
panatsala katoni uja ndi banga la oilo,
ndi jeke wa aneba amene sindinabweze.